Kodi ichi chilowe m'phata la laibulale, kapena chikhale plugin?

Funso

Akatswiri, ndinalemba laibulale yaing'ono ya Python (code yoti ena aziigwiritsa ntchito m'mapulogalamu awo) imene imawerenga mafayilo a CSV, a data ya mizere ndi makolamu, n'kuona ngati mizere yake ikutsatira malamulo amene munthu waika: kolamu yakuti isasowe, deti lilembedwe chonchi, nambala isatsike pansi pa ziro. Ndinaiika poyera kuti aliyense aigwiritse ntchito, ndipo tsopano anthu achuluka. Mapempho nawonso achuluka. Ena akufuna iziwerenga mafayilo a Excel, ena izitumiza lipoti ku Amazon S3 (malo osungira mafayilo pa intaneti) kapena pa imelo, ena akufuna kulemba malamulo awoawo, ena kachizindikiro koonetsa pamene ntchito yafika, ena izisunga zotsatira kuti isamabwereze ntchito, ena izizindikira yokha encoding ya fayilo (njira imene zilembo zasungidwira m'fayilomo). Wina wanditumizira kale code ya Excel yomalizamaliza, ndi mayeso ake omwe. Kukana ndikuchita nako manyazi, komanso ndikuopa kuti laibulale idzandikulira. Timaisamalira anthu awiri okha. Ndingadziwe bwanji choyenera kulowa m'phata (code imene aliyense amalandira akaika laibulale) ndi choyenera kukhala plugin (chowonjezera chapadera chimene munthu amaika yekha akachifuna)?

Yankho

Mwachita bwino kufunsa code ya Excel ija isanalowe, chifukwa nthawi yoganiza ndi inoyi. Ndiyambe ndi chimene chimasocheretsa osamalira malaibulale ambiri. Kuchuluka kwa anthu opempha chinthu kumakuuzani kuti chinthucho chikufunika, koma sikukuuzani kumene chiyenera kukhala. Anthu 50 ofuna Excel angathandizike bwinobwino ndi plugin imene amaiika ndi mzere umodzi wa pip, chida choikira malaibulale a Python. Chimene muyenera kudzifunsa ndi ichi: kodi inu awirinu mwakonzeka kusamalira chinthuchi zaka 5 kapena 10 zikubwerazi, amene anachilemba atapeza ntchito ina n'kusiya kuyankha mauthenga? Wopereka code amapereka kamodzi n'kumapita. Wolandira ndiye amatsala nayo. Python yatsopano ikatuluka aikonze, madandaulo akabwera ayankhe, akafuna kusintha china chapafupi nayo aiganizire kaye.

Ndipo ikalowa, kuitulutsa n'kovuta kuposa mmene mungaganizire. Hyrum Wright, amene anagwira ntchito pa code ya ku Google, anaona chinthu chimene lero chimadziwika ndi dzina lake: ogwiritsa ntchito API (njira imene mapulogalamu ena amalankhulira ndi pulogalamu yanu) akachuluka mokwanira, zilibe kanthu kuti inu munalonjeza chiyani, khalidwe lililonse looneka la pulogalamu yanu pali wina amene adzalidalira. Taonani Python yomwe mukulembera. Inatchuka ndi kubwera ndi zida zambiri m'laibulale yake yaikulu, ndipo zimenezo zinaithandiza kufala. Koma mu 2019 panalembedwa PEP 594 yopempha kuti ma module akale, otha ntchito kapena osowa owasamalira, achotsedwe. Ena mwa iwo ndi cgi, telnetlib, nntplib ndi imghdr. Pempholi linavomerezedwa mu 2022, machenjezo anayamba mu Python 3.11, ndipo ma module 19 anachoka mu 3.13, mu Okutobala 2024. Zinatenga zaka 5, kwa gulu lalikulu la anthu odziwa ntchito, kuchotsa code imene ambiri ankavomereza kuti nthawi yake inatha.

Plugin yakunja ikakhwima mungailowetse m'phata mawa, ndipo palibe amene angalire. Chinthu cha m'phata mukachitulutsa, mapulogalamu a anthu amasweka. Ndiye pamene mukukayika, siyani chinthucho kunja. Mapempho anu onse 6 aja ndi abwino, palibe lopanda nzeru, ndipo m'menemo ndi mmene muli msampha: ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Tsono m'phata mulowe chiyani? Muyeso umene ndimaudalira kuposa ina yonse ndi uwu: m'phata muzikhala zinthu zimene ma plugin awiri, olembedwa ndi anthu osadziwana, ayenera kugwirizanapo kuti agwire ntchito limodzi. Tiyeni tiuyese pa laibulale yanu yomweyi. Tiyerekeze kuti wina walemba plugin yowerenga Excel, wina walemba yotumiza lipoti. Cholakwika chimene chapezeka m'fayilo ya woyambayo, wachiwiriyo ayenera kuchimva. Ndiye cholakwika chimaoneka bwanji? Mwina chili ndi nambala ya mzere, dzina la kolamu, dzina la lamulo limene laswedwa, ndi uthenga woti munthu awerenge. Chabwino. Nanga mizere imayambira pa 0 kapena pa 1? Mzere wa pamwamba, wa mayina a makolamu, umawerengedwa nawo? Mu CSV, kabokosi kamodzi kangakhale ndi mawu odumphira pa mzere wina, bola atsekeredwe ndi zizindikiro za mawu ogwidwa, choncho mzere wa 40 wa data si nthawi zonse mzere wa 40 umene munthu angauone akatsegula fayilo. Inu mukamati "mzere 40" mukutanthauza uti? Kabokosi kopanda kanthu ndi kabokosi kosoweratu chifukwa mzere ndi waufupi, ndi vuto limodzi kapena awiri? Fayilo ya Excel imakhala ndi masamba angapo, kotero malo a cholakwika ayenera kukhala ndi mpata wotchula tsamba, ngakhale CSV ilibe masamba. Komanso Excel imasunga deti ngati nambala ya masiku, pamene mu CSV chilichonse ndi mawu chabe. Lamulo lanu la deti lizilandira chiyani, mawu kapena deti lenileni?

Mafunso amenewa ndi osasangalatsa, ndipo palibe wogwiritsa ntchito amene adzakutumizireni pempho la iwo. Koma ndiwo phata lanu. Mukawasiya osayankhidwa, plugin iliyonse idzawayankha mwa njira yake, ndipo tsiku lina munthu adzalandira lipoti lomuuza kuti akonze mzere 212 pamene vuto lili pa 214. Munthu ameneyo sadzadandaula kwa wolemba plugin. Adzabwera kwa inu, ndipo adzakhala akulondola.

Zinenero zina zinachita zimenezi mwadala. Rust inaika Future, mtundu woimira ntchito imene idzamalizidwe mtsogolo, m'laibulale yake yaikulu mu version 1.36, mu 2019, kuti malaibulale onse a async (oyendetsa ntchito zina pamene ina ikudikira) azilankhula chinthu chimodzi, koma injini yoyendetsa ntchitozo, monga Tokio, inakhala kunja, kumene ingasinthe ndi kupikisana ndi zinzake. Go nayo inayamba ndi context, mtundu wonyamula malire a nthawi ndi chizindikiro choimitsa ntchito, ili kunja, mu golang.org/x/net, ndipo inailowetsa m'kati mu version 1.7, mu 2016, zitaoneka kuti code ya HTTP ndi malaibulale a anthu ena akufunika mtundu umodzi woti azipatsirana. Chimene chinalowa ndi chimene onse amakumanirapo.

Muyeso wachiwiri ndi katundu amene chinthucho chikubwera naye, ndi liwiro limene katunduyo amasinthira. Kuti muwerenge Excel mufunika laibulale ina, monga openpyxl. Kuti mulembe ku S3 mufunika boto3, imene imakoka botocore, yaikulu kuposa laibulale yanu yonse kambirimbiri, ndipo imatulutsa version yatsopano pafupipafupi kwambiri. Mukaziika m'phata, munthu amene akungofuna kuona CSV ya mizere 200 azisenza zonsezo, ndipo mkangano uliwonse wa ma version pakati pa malaibulale amenewo ndi pulogalamu yake udzatchedwa vuto lanu. Pa nkhani ya Excel yomweyi pali chitsanzo chaposachedwa. Mu Disembala 2020, xlrd 2.0 inasiya kuwerenga mafayilo a xlsx n'kutsala ndi xls yakale yokha, ndipo anthu ambiri a pandas, laibulale ya Python yosanthulira data, anadzuka code yawo ikukana mafayilo amene dzulo lake inkawawerenga. Amene sankagwiritsa ntchito Excel sanamve kanthu, chifukwa pandas siikakamiza aliyense kuika zowerengera Excel.

Mapulojekiti akuluakulu anaphunzira zomwezi atanenepa kale. Terraform, chida chokonzera ma seva a pa cloud, inalekanitsa ma provider (code yolankhula ndi kampani iliyonse) ndi phata lake mu version 0.10, mu 2017, chifukwa kukonza kanthu kakang'ono ka kampani imodzi ya cloud kunkadikira kuti Terraform yonse ituluke. Ansible inachita chimodzimodzi mu 2.10, mu 2020, posamutsira ma module ambiri ku ma collection. Kubernetes inatha zaka ikusamutsa code ya zosungira data za makampani osiyanasiyana kupita ku ma driver a CSI. Chilichonse cholankhula ndi kampani ina kapena mtundu wa fayilo wa anthu ena chimayenda pa kalendala ya eni akewo, ndipo inu simungailamule.

Pali mbali ina ya katunduyu imene ndimaiopa kwambiri, ndiyo chitetezo. Mu Disembala 2021 anthu a mapulogalamu padziko lonse anagona ali maso chifukwa cha Log4j, laibulale ya Java yolembera ma log. M'kati mwa log4j-core munali kanthu kolowetsedwa mu 2013, kolola uthenga wa log kukafunsa seva yakutali kudzera mu JNDI. Ochepa ndiwo ankakafuna, koma aliyense anakanyamula, ndipo kanali kotsegula. Wachiwembu ankangofunika kulemba mawu apadera pamalo alionse amene pulogalamu ingawakopere mu log, seva n'kukatenga code yake n'kuiyendetsa. Imodzi mwa njira zodzitetezera mwachangu inali kuchotsa ndi manja class ya JndiLookup m'fayilo ya laibulaleyo. Laibulale yanu lero imawerenga fayilo n'kunena zolakwika. Tsiku limene idzayambe kutsegula netiweki, kusunga makiyi a S3 ndi mawu achinsinsi a imelo, idzakhala chinthu china, chofuna maso ena, ndipo ogwiritsa ntchito onse adzagawana ngoziyo, ngakhale amene sanaipemphe.

Komatu chitetezo chomwecho chimakokeranso zinthu zina m'kati. Chilichonse chimene munthu angavulale nacho mwakachetechete akachiiwala, musachisiye kuti achite kusankha. Django, chida cha Python chomangira mawebusaiti, imatchinjiriza yokha HTML m'ma template ake, ndipo pulojekiti yatsopano imayamba chitetezo cha CSRF (kupusitsa msakatuli wa munthu kuti utumize pempho limene iye sanafune) chili choyatsa kale, chifukwa amene sadziwa za ngozi imeneyi sangapite kukafuna plugin yake. Kwa inu, zofanana nazo ndi malire. Fayilo yoipa yokhala ndi kabokosi kamodzi kosatha isamalize memory ya kompyuta. Module ya csv ya Python yomwe imakana kabokosi kopitirira zilembo 131,072 pokhapokha mutakweza malirewo. Ndipo ngati phata lanu limalemba lipoti la CSV lokopera zimene zinali m'fayilo, kumbukirani kuti kabokosi koyamba ndi =, +, - kapena @ kangayende ngati fomula munthu akatsegula lipotilo mu Excel. Kutchinga zimenezo ndi ntchito yanu.

Tsopano ndikuchenjezeni za dzenje la mbali inayi, chifukwa amene wamva zonsezi amatha kuthamangira kukhuthula phata mpaka kutsala chigoba. Babel 5 ikangoikidwa inkasintha JavaScript yatsopano kukhala yakale, imene asakatuli akale amaimva. Babel 6, mu 2015, inasandutsa kusintha kulikonse kukhala plugin, moti munthu akaiika n'kuiyendetsa, code inkatuluka mmene inalowera kufikira atasankha preset, gulu la ma plugin losankhidwa kale. Kamangidweko kanali koyera, koma obwera kumene anasokonezeka kwambiri. Express 4, chida cha JavaScript cholembera mapulogalamu a seva, mu 2014 inatulutsa kunja pafupifupi ma middleware onse (tizigawo ta code timene pempho la HTTP limadutsamo) amene inkabwera nawo, kuphatikizapo yowerenga JSON imene yabwera ndi pempho. Mu 2017, version 4.16 inabweretsa express.json ndi express.urlencoded, zikudalirabe body-parser pansi pake, poti pafupifupi aliyense ankaika chinthu chimodzi chomwecho pa tsiku loyamba. Ndipo mu Malichi 2016, left-pad, kaphukusi ka mizere 11, katachotsedwa pa npm, nkhokwe ya malaibulale a JavaScript, mapulojekiti ambiri, Babel yomwe, analephera kuikidwa. Ntchito yake inali yowonjezera zilembo kumanzere kwa mawu, imene JavaScript inadzailandira yokha ngati padStart mu ES2017. Plugin iliyonse ndi dzina lina loti munthu alipeze, alikhulupirire, ndi kuliyang'anira.

Ndiye muziyesanso ndi mphindi 10 zoyamba za mlendo. Waika laibulale yanu, waipatsa fayilo yake yeniyeni, kodi yagwira ntchito imene dzina lake likulonjeza? Pempho la encoding lija likugawika pawiri pomwepa. Munthu akasunga fayilo mu Excel ngati CSV ya UTF-8, kumayambiriro kwake kumakhala ma byte atatu osaoneka, EF BB BF. Laibulale ikapanda kuwazindikira, kolamu yoyamba imene munthu akuiona ngati id imakhala ndi chilembo chobisika kutsogolo, ndipo lipoti limati kolamu id ikusowa pamene mwini wake akuiona ndi maso. Amayang'ana fayilo, amayang'ana lipoti, kenako amachotsa laibulale yanu osakuuzani chifukwa. Kukonza zimenezi n'kwa mizere yochepa, Python ili kale ndi utf-8-sig, sikufuna laibulale ina, ndipo sikudzasintha chaka chamawa. Ndi za m'phata ndithu, limodzi ndi kulola munthu kutchula yekha encoding ndi chizindikiro cholekanitsa makolamu, paja m'mayiko amene amalemba ma decimal ndi koma, Excel imalekanitsa makolamu ndi semicolon. Koma kulosera encoding poyang'ana ma byte, monga amachitira chardet ndi charset-normalizer, ndi nkhani ina. Kumafuna laibulale yowonjezera, ndipo nthawi zina kumaphonya, makamaka pa mafayilo aafupi. Chida chimene ntchito yake ndi kunena zoona za data chisamalosere mwakachetechete. Kulosera kukhale kunja, ndipo kukachitika lipoti lizinena.

Pakati pa "m'phata" ndi "kunja kwenikweni" pali malo ena, ndipo muwadziwe. Mungasunge code m'phukusi lanu koma malaibulale ake olemera n'kuwaika pa zimene pip imazitcha extras, kuti aziikidwa ndi amene wawapempha yekha. Mungakhalenso ndi plugin yovomerezeka, phukusi lapadera lokhala ndi nambala yake ya version, koma losungidwa pamodzi ndi phata kuti mayeso aziyendera limodzi. Zonse ziwiri zimapeputsa katundu wa wogwiritsa ntchito. Wanu sizikupeputsa. Chilichonse chonyamula dzina lanu anthu adzachiona ngati chanu. Django inali ndi zinthu zambiri mu django.contrib zimene zinkaoneka ngati za pambali, koma itafuna kuzitula inafunikabe kuchenjeza ndi kudikira: localflavor inachoka mu 1.6, comments mu 1.8. Choncho musapange chikwatu chotchedwa contrib choti muziponyamo zimene mwachita manyazi kukana.

Chinthu chimene ambiri sachiona n'chakuti API ya ma plugin nayonso ndi lonjezo, ndipo ndi lolemera kuposa la chinthu chimodzi chilichonse. Mukatsegula khomo lalikulu, kuti plugin izigwira chilichonse cha m'kati, mwadzimanga manja. Firefox inakhala zaka zambiri ikulola zowonjezera zake kufika m'matumbo mwa msakatuli. Zinali zamphamvu, anthu ankazikonda, koma kusintha kulikonse kwa m'kati kunkaziswa, ndipo kunkachedwetsa ntchito yaikulu monga kugawa msakatuli m'ma process angapo. Mu Novembala 2017, Firefox 57 inasiya zonse zakalezo n'kutsala ndi WebExtensions, ndipo zowonjezera zambiri zinathera pomwepo. Inu yambani ndi makomo ochepa ndi opapatiza. Ndikuona atatu: chowerenga fayilo chimene chimatulutsa mizere, lamulo limene limalandira mzere kapena kolamu n'kubweza zolakwika, ndi cholemba lipoti chimene chimalandira zolakwikazo. Plugin izilandira zinthu zimene mwazifotokoza m'malangizo basi. Musaipatse chinthu chanu chachikulu cha m'kati chonse chifukwa choti n'chapafupi kupatsira. Khomo lachinayi mudzalitsegule pakadzapezeka ma plugin enieni awiri kapena atatu olifuna, popeza khomo lopangidwa poganizira plugin imene kulibe nthawi zambiri limakhala pamalo olakwika.

Njira yodziwira ngati makomowo ndi okwanira ndi kudutsamo inu eni ake. Zambiri za pytest, chida choyendetsera mayeso a code ya Python, monga kugwira zotuluka pa sikirini ndi kulemba lipoti pa terminal, ndi ma plugin a m'kati oyenda pa pluggy, dongosolo lomwelo limene ma plugin akunja amagwiritsa ntchito. Malamulo obwera ndi ESLint, chida chofufuza zolakwika m'code ya JavaScript, amalembedwa mofanana ndi amene munthu wakunja angalembe. Mukatero, API ikakhala yopereweza mudzayamba kumva ululu ndinu, ena asanaumve. Pa kapezedwe ka ma plugin musapange chanuchanu. Python ili ndi ma entry point, njira imene phukusi limalengezera ma plugin ake, ndipo importlib.metadata, imene ilipo kuyambira 3.8, imawawerenga. Zoti muganizire ndi zina: ma plugin awiri akatenga dzina limodzi la lamulo, apambane ndani? Plugin ikagwa pakati pa fayilo, ntchito yonse iime kapena lipoti linene kuti lamulo lakuti silinathe? Yankho langa pa lachiwirili ndi lolimba: zingavute bwanji, lipoti lisanene kuti fayilo ili bwino pamene lamulo lina silinayende. Ndipo uthenga wa vutolo uzitchula dzina la plugin, kuti dandaulo lipite kwa mwini wake.

Si onse amene amatsata njira ya makomo okhazikika, ndipo ndi bwino mudziwe. Linux simalonjeza API yokhazikika ya m'kati kwa ma driver. Imalimbikitsa kuti driver ilowe m'code yaikulu, ndipo amene wasintha interface, ndiye kuti API ya m'katiyo, ndiye amakonza onse oigwiritsa ntchito m'menemo. Zimatheka chifukwa pali anthu masauzande ndi makampani owalipira. Koma phunziro lake likukukhudzani: malinga ngati code ili m'manja mwanu, interface mungaisinthe madzulo amodzi. Mukangoilengeza kwa anthu akunja, ufulu umenewo watha. Choncho kwa ma version angapo oyamba lembani poyera kuti API ya ma plugin ndi yoyeserera ndipo ingasinthe.

Nanga chakunja chimalowa liti? Django inakhala zaka zingapo yopanda njira yakeyake yosinthira kamangidwe ka database. Ntchitoyo inkagwiridwa ndi South, ya Andrew Godwin, mpaka pafupifupi aliyense anagwirizana kuti ndiyo njira. Mu 2014, Django 1.7 inabwera ndi ma migration m'kati, olembedwa mwatsopano ndi Godwin yemweyo pogwiritsa ntchito zimene South inamuphunzitsa. Chaka chomwecho Java 8 inabwera ndi java.time, motsogozedwa ndi Stephen Colebourne wa Joda-Time, nayonso yokonzedwa mwatsopano. Pytest inalowetsa pytest-catchlog mu 3.3, mu 2017. M'nkhani zonsezi chinthucho chinakulira kunja, kumene kulakwitsa n'kotchipa, ndipo chinalowa mpikisano utatha, maonekedwe ake atakhazikika, womusamalira alipo. Kutuluka nako kuli ndi mwambo wake. ESLint italeka malamulo a kaonekedwe ka code mu 8.53, mu 2023, inayamba yachenjeza, malamulowo ali ndi kwawo kwatsopano ku ESLint Stylistic. Musadzachotse chinthu anthu asanadziwe kolowera.

Tibwerere ku mapempho anu. Malamulo a anthu eni ake ndiwo ofunika kuposa onse, ndipo khomo lake ndi la m'phata; mukalitsegula bwino, mapempho ambiri a "onjezerani lamulo lakuti" adzatha okha. S3 ndi imelo zikhale kunja, ndipo musazivomereze ngakhale ngati ma plugin anu. Chimene inu mupereke ndi lipoti la maonekedwe okhazikika, monga JSON yofotokozedwa bwino, kuti aliyense alitumize kumene akufuna ndi zida zimene ali nazo kale. Kachizindikiro ka pamene ntchito yafika kagaweni: phata liziitana function imene munthu wapereka, kuiuza mizere kapena ma byte amene awerengedwa, ndipo kujambula pa sikirini kusiyireni tqdm kapena pulogalamu yoitana.

Kusunga zotsatira ndiko ndikukupemphani mudikire nako. Kumaoneka kophweka, koma funso lake ndi lakuti zosungidwazo zimatha ntchito liti. Fayilo ikasintha, inde. Malamulo akasintha, indenso. Nanga plugin ya lamulo ikakwezedwa version? Nanga lamulo lonena kuti deti lisapitirire lero, limene yankho lake limasintha usiku fayilo isanakhudzidwe? Mukaphonya chimodzi, laibulale yanu idzauza munthu kuti data yake ili bwino pamene siili bwino, ndipo palibe cholakwa chachikulu kuposa chimenecho kwa chida cha mtundu wanu. Funsani kaye opemphawo chimene chikuchedwa. Kawirikawiri mudzapeza kuti vuto ndi kuwerenga fayilo yonse mu memory, ndipo mankhwala ake ndi kuwerenga mzere ndi mzere, zimene ndi ntchito ya phata.

Watsala mnzanu wa Excel uja, amene wataya nthawi yake n'kulemba ndi mayeso omwe. Musamusiye miyezi osamuyankha. Chete amapweteka kuposa kukana. Muthokozeni, muuzeni mosabisa kuti muli awiri ndipo simungalonjeze kusamalira code yodalira openpyxl, ndipo mupempheni kuti ntchito yakeyo ikhale plugin yoyamba ya chowerenga fayilo, m'dzina lake, inu n'kuitchula m'malangizo anu kuti anthu aipeze. Muuzeninso zimene inu muchite kumbali yanu: kuwonjezera tsamba pa malo a cholakwika, kugamula za deti ndi nambala zobwera kale ndi mtundu wake, ndi kumupatsa mayeso amene chowerenga chilichonse chiyenera kupambana. Code yake iwerengeni mosamala ngakhale simuilandira, chifukwa paliponse pamene anakakamizika kugwira za m'kati mwa laibulale yanu akukuonetsani chimene interface ikusowa. Lembaninso ndime imodzi m'malangizo a othandiza, yonena zimene phata limalandira ndi zimene sililandira, kuti wotsatira adziwe asanayambe kulemba.

Musanamuuze kuti ayambe kusamutsa, samutsani kaye chowerenga CSV chanu kuti chiziyenda pa interface yomweyo, popanda njira yachidule yobisika. Chikakana pena pake, konzani interface pomwepo, ikadali ya inu awiri nokha.